Khutu limangotola, womva ndi ubongo

Abale, ine zimandiwawa ndikaona munthu akusekedwa chifukwa wasokoneza L ndi R poyankhula chingerezi, ena mpaka kumunena kuti ndi mbuli, pomwe nkhaniyi ili mu ubongo ndipo inayamba munthuyo asanayambe ndi kuyenda komwe.

Khutu ntchito yake ndi kutola phokoso basi. Mkatikati mwake muli kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono, ka cochlea, kamene kamasandutsa phokosolo kukhala uthenga wodutsa mumtsempha kupita ku ubongo. Koma zoti iyi ndi "la" iyi ndi "ra" amagamula ndi ubongo, ndipo umagamula potengera zomwe unazolowera.

Mu 1984 akatswiri ofufuza Janet Werker ndi Richard Tees ku Canada anayesa makanda a m'mabanja oyankhula chingerezi. A miyezi 6 mpaka 8 ankasiyanitsa bwinobwino kamvekedwe ka zilembo za chi Hindi, chiyankhulo cha ku India, zomwe akuluakulu achingerezi zimawavuta, koma pofika miyezi 10 mpaka 12 ambiri anali atasiya. Tangoganizani, mwana sanatchule ndi liwu limodzi lomwe koma ubongo wasankha kale zosunga ndi zotaya. Ifeyo ukati kulira kapena kulila tanthauzo silisintha, ndiye ubongo unangoika L ndi R muthumba limodzi, a ku Japan nawonso ndi chimodzimodzi.

Komatu azungu nawo ali ndi zawo. Ndinali ndi mnzanga wina woyankhula chingerezi amene ankaphunzira Chichewa, munthu wanzeru zake ndithu, koma kuponya ndi kuphonya kwa iye anali mawu amodzi, ndinabwereza mwina kakhumi iye ali tcheru chisoni chikugwira kuti sakumva kusiyana, mpaka ndinatenga kapepala nkuika pafupi ndi milomo yanga, ndikati "po" kapepala kali phee, ndikati "pho" kakugwedezeka. Anaona ndi maso kaye, khutu linatsatira patapita masabata.

Zoti maso amathandiza kumva sizongonena ayi. Akatswiri ena, Harry McGurk ndi John MacDonald, anazionetsa mu 1976, anatenga vidiyo ya munthu milomo yake ikuti "ga" nkuikapo mawu oti "ba", anthu ambiri ankamva "da", liwu loti palibe analitchula. Ine ndinaziyesa ndekha pa YouTube ndi mahedifoni. Kutsinzina ndikumva ba, kutsegula maso ndikumva da, ndipo chondidabwitsa kwambiri nchoti ngakhale ndinkadziwa bwinobwino kuti mawuwo ndi ba, ubongo sunalole, unkangondipatsabe da.

Ndiye amene akuti "lice" pofuna kunena "rice" uja sikuti lilime lake ndi laulesi, nthawi zambiri m'mutu mwake mawu awiriwo akumveka ofanana ndendende. Mukamuseka amangochita manyazi nkusiya kuyankhula, pomwe chomwe akufunika ndi munthu woti amubwerezere pang'onopang'ono kwinaku akumuyang'ana pakamwa.