Dzina la Dhruv pa mwana wamkazi: ine sindikuonapo cholakwa

Abale anga, ndiloleni lero ndilowerere nkhani ya eni ake. Chihindu si chipembedzo changa, ndiye ndiponda mosamala, koma nkhaniyi yandikhala pamtima sabata yathunthu.

Ndili ndi mnzanga yemwe tinakulira limodzi ku Limbe. Kwawo ndi Ahindu a Chigujarati, agogo ake anabwera kuno nthawi ya atsamunda, koma iyeyo mutamumva akuyankhula pa foni simungadziwe kuti ndi mmwenye. Masiku apitawa wadalitsidwa ndi mwana wamkazi. Kwawoko dzina sangolitola panjira. Wansembe amaona tsiku ndi ola lomwe mwana wabadwa, n'kuwerengera pomwe mwezi unali, n'kunena rashi ya mwanayo, kutanthauza gulu la nyenyezi lomwe mweziwo unalimo. Ma rashi alipo 12, ndipo iliyonse ili ndi zilembo zake zoyambira dzina. Wa mnzangayu wagwera pa Dhan, ndipo chimodzi mwa zilembo zake ndi "Dh". Mnzangayo sanachedwe n'komwe, akufuna Dhruv. Apongozi ake akuti toto, limenelo ndi la anyamata, ngati mwalikonda ikani "i" kumapeto likhale Dhruvi monga amachitira anzanu onse. Nyumba yonse yagawanika chifukwa cha chilembo chimodzi.

Anandiimbira usiku, mwana akulira chapansipansi. "Achemwali, inu mukuona bwanji? Ndikulakwa?" Ndinamuuza kuti sakulakwa, ndipo ndikufuna ndifotokoze chifukwa chake.

Dhruv ameneyu, m'nkhani zawo zakale, anali kamnyamata ka zaka 5, mwana wa mfumu Uttanapada. Mfumuyo inali pa mitala. Mkazi wamkulu, Suniti, ndiye mayi wa Dhruv, koma wapamtima anali Suruchi. Tsiku lina kamwanako kanaona mbale wake atakhala pamiyendo pa bambo awo, nakonso kanafuna kukwera. Suruchi anakaletsa, n'kukauza kuti malo amenewo si a mwana wobadwa kwa mkazi wina, mfumu ili chete. Ife odziwa mitala, ululu umenewu sitifunika kuufotokozeredwa. Dhruv ananyamuka kulowa m'nkhalango, anakumana ndi munthu woyera wotchedwa Narada yemwe anamuphunzitsa pemphero, ndipo anapemphera kwa mulungu Vishnu miyezi ingapo osatekeseka. Mapeto ake anapatsidwa malo amene palibe angamuchotsepo: nyenyezi ya kumpoto ija, yomwe zinzake zonse zimaizungulira iyo ili phee. Mawu oti dhruva m'Chisanskriti amatanthauza chokhazikika, chosasunthika. Mnzangayu nkhaniyi ankaimva kwa agogo ake aakazi ali wamng'ono, ndipo akuti nthawi zonse ankadziona kuti mwana wokankhidwayo ndi iyeyo, osaganizako kuti ndi nkhani ya anyamata okha.

Tsono tamverani ichi, chomwe chinandimaliza. Pa maukwati ambiri a Chihindu pali mwambo woti mkwati amalozera mkwatibwi nyenyezi yomweyi ya Dhruv, kumupempha kuti akhale wokhazikika pa banja lake ngati mmene iliri nyenyeziyo. Ndiye kuti mtsikana akakula, aliyense akufuna akhale Dhruv. Akapirira apongozi, akapirira umphawi, akagwira banja osagwedezeka, amayamikiridwa kuti wachita ngati Dhruv. Nanga bwanji khalidwelo mukumusenzetsa koma dzina lake mukumukaniza? Ine apa ndi pamene ndikulephera kumvetsa.

Apongozi aja sakuyankhula zopanda maziko, ndiwapatse ulemu wawo. Chisanskriti chimasiyanitsa mayina a amuna ndi a akazi, kawirikawiri pokoka liwu lomaliza. Buku lawo lakale la malamulo lotchedwa Manusmriti limanena kuti dzina la mkazi likhale losavuta kutchula, lokoma, lamwayi, ndipo lithere ndi liwu lokoka. Koma buku lomwelo limachenjezanso mwamuna kuti asakwatire mtsikana wotchedwa dzina la mtsinje, la mtengo kapena la nyenyezi. Kodi lero ndi angati a Ganga, a Yamuna, a Kaveri (mayina a mitsinje), a Tulsi (la chomera) ndi a Rohini (la nyenyezi) omwe ali pa mabanja awo bwinobwino, ena mpaka zidzukulu? Lamulo limenelo anthu analisiya kalekale, osaitanitsa msonkhano. Ngati lina linasiyika, ili la liwu lomaliza si kuti ndi lomwe lagwira thambo.

Komanso kusiyana kwakeko nthawi zambiri kumasowa dzina likalembedwa m'zilembo zathuzi. Tengani Krishna. Aliyense amadziwa kuti ndi mulungu wamwamuna. Koma Draupadi, mkazi wa m'nkhani yawo yakale ya Mahabharata, nayenso dzina lake lina ndi Krishna, pongokoka "a" womalizayo. Pa pasipoti mayina awiriwa ndi amodzi. Mlongo wake wamng'ono wa Jawaharlal Nehru, nduna yaikulu yoyamba ya India, anali Krishna. Krishna Poonia, mayi woponya chimbale, anapata mendulo ya golide pa masewera a Commonwealth ku Delhi mu 2010, ndipo dziko lonse la India linamuimbira m'manja osafunsa kuti dzinali walitenga kuti. Indra ndi mfumu ya milungu m'malemba awo akale kwambiri, mwini mabingu ndi mvula, koma Indra Nooyi, wobadwira ku Madras, anatsogolera kampani ya PepsiCo kuyambira 2006 mpaka 2018 ndi dzina lomwelo. Kiran, lomwe limatanthauza cheza cha kuwala, ndi la Kiran More wa kiriketi komanso la Kiran Bedi, mkazi woyamba kulowa gulu la akuluakulu a polisi ya India mu 1972.

Ndipo mbali inayi bwanji siidandaulitsa munthu? Amuna a Chihindu akhala akunyamula mayina a milungu yaikazi kuyambira kale. Lakshmi Mittal, mpondamatiki wa zitsulo uja, dzina lomwe dziko lonse limamudziwa nalo ndi la mulungu wamkazi wa chuma. Sarvepalli Radhakrishnan, yemwe anali pulezidenti wa India kuyambira 1962 mpaka 1967, dzina lake limayamba ndi Radha. Sitaram limayamba ndi Sita. Eni ake adzakuuzani kuti mayina amenewa ndi ophatikiza, ndipo tanthauzo lonse limaloza kwa mwamuna wa mulungu wamkaziyo. Chabwino, ndavomera. Komabe ndi chipembedzo chomwechi chomwe chimasema mulungu Shiva ngati Ardhanarishvara, thupi limodzi, mbali ina mwamuna mbali ina mkazi. Anthu omwe amagwadira chifanizo chotere, sindikhulupirira kuti kamtsikana kotchedwa Dhruv kangawaipitsire pemphero.

Ndikudziwa kuti ine ndikuyankhula ngati Mchewa, ndipo kwa ife nkhaniyi ndi yopepuka mwachibadwa. Chikondi, Chisomo, Mphatso, Chimwemwe, Madalitso, Thokozani, Yamikani: mukamva dzina lokha simungadziwe kuti mugule diresi kapena kabudula. Ngakhale chiyankhulo chathu chimangoti "iye", basi. Chigujarati ndi Chihindi sizili choncho, mawu ambiri m'chiganizo amasintha kutengera kuti mukunena mwamuna kapena mkazi, ndiye khutu lawo linazolowera kumva kusiyanako paliponse. Sindingawaseke pa chimenecho. Koma ifenso tili ndi njira yathu yosonyezera mkazi tikafuna: wa kwa Banda amakhala Nabanda, wa kwa Phiri amakhala Naphiri. A Chigujarati nawonso ali nayo, amaika bhai kwa mwamuna ndi ben kwa mkazi, monga Vallabhbhai Patel ndi mwana wake Maniben. Mtsikanayu akadzakula adzakhala Dhruvben, ndipo palibe adzasokonezeke. Anansi awo a Chisikh anathana nayo kale nkhaniyi: Harmanpreet Kaur amatsogolera timu ya India ya amayi ya kiriketi, Harmanpreet Singh timu ya abambo ya hoke, dzina limodzi.

Pali malo amodzi okha pomwe ine ndimakana dzina lachimuna pa mtsikana, ndipo pamenepa ndimakana ndi mtima wonse. Ndi pamene dzinalo likulira mwana wamwamuna yemwe sanabwere. India ili ndi bala limeneli, ndipo eni ake salibisa. Kalembera wa 2011 anapeza atsikana 919 pa anyamata 1,000 alionse mwa ana osapitirira zaka 6, ngakhale kuti lamulo loletsa kuyeza pathupi n'cholinga chodziwa ngati ndi mwamuna kapena mkazi linakhazikitsidwa mu 1994. Chaka chomwecho cha 2011, m'boma la Satara ku Maharashtra, atsikana 285 anasonkhana pamwambo wosintha mayina. Onsewo makolo awo anawatcha Nakusa kapena Nakushi, kutanthauza wosafunidwa. Tangoganizani kuitanidwa choncho m'kalasi m'mawa uliwonse, iwe n'kumayankha. Antim Panghal wa ku Haryana, yemwe mu 2022 anakhala katswiri wa dziko lonse pa masewera ogwetsana kwa osapitirira zaka 20, dzina lake limatanthauza womaliza. Anali mtsikana wachinayi, ndipo makolo ake ankafuna atsikana athere pomwepo. Ena mwa mayina amenewa ndi achikazi ndithu, amathera ndi liwu lomwe apongozi aja akufuna, koma ndi omwe amavulaza. Ifenso tisadziyeretse, tili ndi a Mavuto, a Masautso ndi a Nditani omwe anasenzetsedwa mkangano wa akuluakulu asanaphunzire n'kukwawa komwe.

N'chifukwa chake ndisanamuyankhe mnzanga uja ndinamufunsa kaye, ngakhale yankho ndinkalidziwa: "Kodi mumayembekezera mnyamata?" Anaseka. Mnyamata ali naye kale, woyamba, ali ku sukulu ya mkaka. Mtsikanayu ndi amene wakhala akumupempherera zaka zonsezi. Sakumupatsa dzina la mwana wina yemwe sanabadwe. Akumupatsa nkhani yomwe iye mwini anaikonda kuposa zonse, ndipo sakufuna kuisintha chilembo ngati kuti mtsikana ayenera kulandira kachidutswa chabe.

Chomwe apongozi akunena choona n'chakuti mwanayu ndiye adzavutike kufotokoza. Ku kachisi adzafunsidwa, achibale a ku India adzayesa kuti alakwitsa polemba, makalata ena adzabwera atamulemba ngati bambo. Zimenezo zidzachitika, sindikutsutsa. Koma mwanayu akulira ku Blantyre, pakati pa a Chisomo aamuna ndi aakazi, komwe aphunzitsi ake adzavutika ndi "Dhr" woyambayo osati ndi kusowa kwa "i". Ndipo akadzafunsa kuti amayi, munanditchuliranji chonchi, adzamva za kamwana komwe kanakanizidwa malo n'kukapeza ena oposa. Ine ndikanakonda kukula ndi yankho lotere.

Dzulo ndinapita kukaona mwana, nditatenga chitenje chatsopano chomuberekera. Ndinawapeza apongozi aja ali pakhonde, ndinawapatsa moni mwaulemu, ndipo nkhani inafika yokha. Anandifunsa mayina a ana anga. Nditawauza kuti wamwamuna ndi Chifundo, ndipo mwana wamkazi wa mchimwene wanga nayenso ndi Chifundo, anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ndiye mukaitana amabwera ndani?" Ndinati amabwera onse, mayi, wina n'kubwerera. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya sari, koma sananene kuti asintha maganizo, ndipo ine sindinawakakamize.

Mwa mwambo wawo, wotcha dzina si mayi kapena agogo. Ndi foi, mlongo wa bambo a mwana, amene ife timati azakhali. Iwowo akuchokera ku Leicester, afika Lachisanu, ndipo mbali zonse ziwiri zawaimbira kale foni. Mnzanga akuti azakhaliwo sanalonjeze kanthu. Angonena kuti kumeneko kukakhala kopanda mitambo nyenyezi ya Dhruv imaoneka ali pakhomo pawo, pomwe ife kuno kummwera sitiiona chaka chonse, ndipo akufuna amunyamule kaye mwanayo, amuyang'ane nkhope, asanatsegule pakamwa.