Pa nkhani ya olera ana ndi mimba zawo, ku Joni akutiposa

Mayi wina wa kumpingo kwathu, amene amalera ana pabanja lina ku Randburg, kuno ku Joni, anaitanidwa pabalaza mwezi watha n'kufunsidwa ngati iye ndi amuna ake akulingalira zokhala ndi mwana chaka chamawa. Madamu anawonjezera kuti, "Anti, bwanji mupitirize kaye jakisoni wolera mpaka wamng'onoyu atayamba sukulu?" Chimene chandiwawa kwambiri n'chakuti banjalo ndi la Amalawi anzathu, ndipo khalidwe limeneli anachita kubwera nalo kuchokera kumudzi.

Kwathu, kaya ndi ku Area 47 kaya ku Namiwawa, wantchito wapakhomo amauzidwa tsiku loyamba kuti ndi mwana wa m'nyumbamo, ndipo mawu okomawo ndi amene amapatsa abwana mphamvu yofufuza amene akumuimbira foni, kumene wapita Lamlungu, ngakhale tsiku limene adzatenge pakati. Akangoona kuti wayamba kusanza m'mawa, amamupatsa ndalama ya basi kuti akapume kumudzi, kupuma kwake kosabwererako. Chonsecho lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limapatsa mayi masabata 8 a tchuthi cha uchembere, kamodzi pa zaka 3 zilizonse, akulandira malipiro onse. Koma ndi mtsikana uti wolera ana amene anawaonapo masabata amenewa?

Kuno ku South Africa nkhaniyi anailemba mosabisa. Lamulo la ntchito la kuno, Labour Relations Act ya 1995, limati kuchotsa munthu ntchito chifukwa ndi woyembekezera, kapena chifukwa akungofuna kudzatenga pakati, ndi kuchotsa kopanda chilungamo, ndipo wolakwiridwayo ali ndi masiku 30 okadandaula ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito, popanda kulipira kalikonse. Tchuthi cha uchembere ndi miyezi 4, ndipo kuyambira mu 2003 antchito apakhomo analowa mu UIF, thumba la boma lothandiza amene aima ntchito, kumene abwana amasonkha 1 peresenti ya malipiro, wantchito 1 peresenti, kuti mayi azilandirako kangachepe ali m'chikuta. Mabwana ambiri a kuno, ngakhale ouma mtima, amaopa kufunsa funso ngati lija chifukwa amadziwa kumene lingawafikitse.

Ndivomere kuti si zonse za kuno zimene zili zokoma. Pa miyezi 4 ija abwana sakakamizidwa kulipira ngakhale randi imodzi, ndipo alongo athu ambiri alibe mapepala, choncho UIF amangoimva kwa anzawo m'takisi. Komanso madamu a ku Malawi, pamene ali abwino, amagula zitenje ndi beseni, amaperekeza kusikelo, ndipo amabwera ndi phala kuchipatala, pamene a ku Sandton amangotumiza uthenga pa WhatsApp n'kufunsa tsiku lobwerera kuntchito.

Komabe ine ndingasankhe kuuma mtima kwa kuno kusiyana ndi chibale chimene chimalowa mpaka kuchipinda kwa munthu. Mayi amene wasiya ana ake ku Mangochi kapena ku Mzimba kudzalera ana a eni, kugona m'kachipinda ka kuseri kwa galaja ndi kuonana ndi amuna ake Loweruka lokha, wapereka kale zambiri. Banja lolemba ntchito likhoza kupempha kuti lidziwitsidwe nthawi yabwino pakati pakaoneka, kuti lipeze wogwirizira, ndipo lamulo la kuno nalo limafuna kuti wantchito anene kudakali masabata 4 kuti ayambe tchuthi. Zoti abereke liti, amene akuyenera kukambirana ndi iye ndi amuna ake.