Mzinda wophulitsa nyumba zake n'kusunga zithunzi

Anzanga, masabata awiri tsopano ndikugona mochedwa chifukwa cha zithunzi zakale za ku Las Vegas, mzinda wotchuka ndi njuga ku America. Musandiyang'ane choncho, njuga sindinayambe, ikutha ndi bandulo basi. Yunivesite ya kumeneko, UNLV, inaika pa intaneti zithunzi ndi mapulani a mahotela akale a mzindawo, ndipo ukangotsegula chimodzi, tambala amakulirira uli pomwepo. Ndiye ndati ndinene zimene zili kukhosi kwanga, wotsutsa atsutse.

Nyumba zambiri zimene zili pazithunzizo lero kulibe, komatu sizinagwe ndi ukalamba. Anachita kuziphulitsa. Hotela ya Dunes, imene inatsegulidwa mu 1955, anaigwetsa ndi mabomba mu Okutobala 1993, khamu la anthu litadzaza msewu ngati kukuchitika mpira waukulu. Pamalopo lero pali Bellagio. Sands, kumene ankaimba Frank Sinatra ndi Sammy Davis Jr., inagwa mu Novembala 1996. Stardust inatsatira mu Malichi 2007. Tropicana ya mu 1957 anaiphulitsa mu Okutobala 2024 kuti amangepo bwalo la masewera a baseball. Kumeneko nyumba ya zaka 40 ndi gogo. Malo a m'mbali mwa Strip, msewu waukulu wa mahotela, ndi odula kuposa chimene chaimapo, choncho hotela ikayamba kugonja kwa anzake a zipinda 3,000, mwini wake amangoitana ophulitsa.

Fumbi likatsika chimatsala ndi pepala. Koma ine ndikuona kuti mapepala otsalawo sanena zoona mofanana, ndipo amene anthu timawakonda kwambiri ndi amene amanama bwino.

Zithunzi zambiri zotchuka za m'ma 1950 zinajambulidwa ndi ofesi yotchedwa Las Vegas News Bureau, imene a bungwe la amalonda a mumzindamo anaiyambitsa mu 1947. Ntchito yake sinali kusunga mbiri, inali kuitana alendo. Ankajambula atsikana ali m'mbali mwa dziwe losambira, oimba akuseka, mabwana akuponya madayisi patebulo loyandama pamadzi ku Sands, kenako n'kutumiza zithunzizo ku manyuzipepala a dziko lonse la America. Ankajambulanso alendo wamba n'kutumiza chithunzi ku nyuzipepala ya kwawo kwa mlendoyo, kuti aneba akachiona nawonso mtima uwadyoke. Nzeru zimenezo ndazigomera, sindinama. Koma amenewo ndi malonda, ndipo wamalonda saonetsa kuseri kwa shopu.

Taonani chithunzi chija cha mu 1957 cha Don English, cha mtsikana wovina ataima m'chipululu, manja m'mwamba, akuseka, kutsogolo kwake atamata thonje loumbidwa ngati mtambo wa bomba la atomiki. Kuyambira Januwale 1951 boma la America linkayesa mabomba amenewa pamtunda wa makilomita pafupifupi 105 kuchokera mumzindamo, ndipo mahotela ankakonza maphwando a m'mbandakucha kuti alendo aonere kung'anima, tambula ili m'manja. Chithunzicho n'chokongola zedi. Mulibemo anthu a ku St. George, m'chigawo cha Utah, kumene mphepo inkatengera fumbi la mabombawo, amene ambiri anadwala khansa mpaka boma linakhazikitsa lamulo lowapepesa ndi ndalama mu 1990.

China chimene chinandigwira mtima ndi nkhope zimene zikusowa. Mutha kuona zithunzi za padziwe zambirimbiri osapeza mlendo wakuda ngakhale mmodzi. Chonsecho anthu akuda analipo ambiri, ochokera m'matauni ang'onoang'ono akumwera monga Fordyce ku Arkansas ndi Tallulah ku Louisiana, amene anabwera m'ma 1940 kudzagwira ntchito kufakitale ya ku Henderson, kenako n'kulowa m'mahotela. Ndiwo ankayala mabedi, kutsuka mbale ndi kuchapa nsalu. Madzulo ankabwerera ku Westside, kutsidya kwa njanji, kumene misewu yambiri inali yafumbi. Ngakhale oimba otchuka ngati Nat King Cole, kwa zaka ndithu ankati akamaliza kusangalatsa azungu, tulo ankakapezera ku Westside komweko, m'nyumba za alendo monga ya mayi Harrison. Hotela ya Moulin Rouge, yoyamba kulandira akuda ndi azungu pamodzi, inatsegulidwa mu Meyi 1955 n'kutsekedwa chaka chisanathe. Tsankho la m'makasino linadzathetsedwa pamsonkhano wa mu Malichi 1960 umene unachitikira m'nyumba yomweyo, a NAACP, bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda, motsogozedwa ndi Dr James McMillan ataopseza kuti achita zionetsero pa Strip.

N'chifukwa chake ndimaima nthawi yaitali pa zithunzi za Clinton Wright, wojambula wakuda amene ankayenda ndi kamera yake ku Westside m'ma 1960. Maukwati, mapemphero, ana a sukulu, misonkhano, anthu atatchena zovala za Lamlungu. Palibe akukuitana kuti ukawononge ndalama. Ukuona anthu akukhala moyo wawo mumzinda umene pazithunzi zina umaoneka ngati mulibe wokhalamo, muli alendo okhaokha.

Tsopano mapulani. Apa ndiye pamene anzanga ena amati ndapenga, chifukwa ndi mizeremizere ndi manambala basi. Koma pulani sijambulidwa kuti ikope munthu, imajambulidwa kuti womanga asalakwitse. Chipinda chilichonse chiyenera kuonekapo: khitchini, kochapira, posungira katundu, khomo lolowera antchito, tinjira takumbuyo timene mlendo sapondamo. UNLV ikusunga mapulani a Martin Stern Jr. ndi a Homer Rissman, akatswiri awiri amene anajambula mahotela akuluakulu ambiri. Stern ndiye anajambula International ya mu 1969, ya zipinda pafupifupi 1,500, ya mapiko atatu ngati chilembo cha Y, ndipo mahotela ambiri otsatira anatengera kapangidwe komweko. Ukamatsata ndi chala njira ya mlendo m'mapulani a mahotela oterewa, umapeza kuti kupita kodyera, kokaonera oimba ngakhale kuchipinda chako, pafupifupi njira zonse zimadutsa pakati pa makina a njuga. Chithunzi chimakuonetsa kapeti wokongola. Pulani imakuonetsa msampha.

Ndipo nthawi zina nkhani ya kamangidwe ndi nkhani ya imfa. Pa 21 Novembala 1980 moto unabuka ku MGM Grand, hotela ya mu 1973, kuyambira pa mawaya a magetsi m'malo ena odyera. Anthu 85 anafa. Mukasino munalibe mapaipi opopera madzi okha moto ukayaka, ndipo ambiri anafera m'nsanjika zapamwamba, kutali ndi malawi, chifukwa utsi unakwera kudzera m'masitepe ndi m'mipata ya zikepe. Palibe chithunzi cha otsatsa malonda chimene chikanakuuzani zimenezo. Pambuyo pake Nevada inakhwimitsa malamulo a zozimitsira moto m'nyumba zazitali.

Pali wina andiuza kuti, nanga popanda zithunzi zamalondazo tikanadziwa bwanji mmene Dunes inkaonekera? Zoona, ndavomera. Sindikunena kuti azitaye. Vuto langa ndi lakuti tikamazigawana n'kulemba kuti "kale kunali bwino", timakhala tikugwirira ntchito yaulere ofesi ya zaka za m'ma 1950, mpaka lero ikutigulitsabe katundu amene anaphulitsidwa kalekale.

Abale a ku Zambia, ichi n'chanu. Mmodzi mwa anthu oyamba kuuza dziko kuti mzinda wa zikwangwani uwu ndi wofunika kuuphunzira mwaulemu, osati kungouseka, ndi mayi Denise Scott Brown, amene anabadwira ku Nkana mu 1931 n'kukulira ku Johannesburg. Mu 1968 iwo ndi amuna awo a Robert Venturi anatenga ophunzira a ku yunivesite ya Yale kukajambula ndi kuyeza Strip yense, malo oimika magalimoto ndi malo omwetsera mafuta omwe. Zithunzi zawo sizikometsa kanthu. Dzuwa lili phwee, phula ndi magalimoto, zikwangwani zazitali kuposa nyumba.

Zikwangwanizo zina zinapulumuka, zili ku Neon Museum, ndipo cha Moulin Rouge chili pomwepo ngakhale nyumba yake inapsa mu 2003. Anachijambula ndi Betty Willis, mayi yemwe anapanganso chija cha mu 1959 cholandira alendo polowa mumzinda. Polowera pamalo osungira zikwangwaniwo pali kanyumba ka denga lopindika ngati chigoba cha nkhono, kamene kanali polandirira alendo pa La Concha ya mu 1961. Anachita kukadula zidutswa n'kukasamutsa kuti kasagumulidwe. Wojambula pulani yake anali Paul R. Williams, munthu wakuda, amene anaphunzira kujambula chozondotsa kuti makasitomala achizungu osafuna kukhala naye phewa ndi phewa aziona bwino ali tsidya lina la tebulo.

Usiku uno ndibwereranso ku mapulani a International. Ndikufuna ndione kuti wantchito wochapa nsalu ankayenda mtunda wotani kuchoka pakhomo lake kukafika pamakina.