Za njinga zamoto zikuluzikulu za adventure, maganizo anga

Anthu angapo akhala akundivutitsa ku inbox, wina ati ndikufuna BMW GS, wina ati Honda Africa Twin, wina ati KTM ija ya 1290 undiuzeko ndipange bwanji. Nde mmalo moyankha mmodzimmodzi bola ndingolemba pano kamodzi, okwiya akwiye, ndi maganizo anga basi.

Ineyo ndimayenda pa Africa Twin ya 1000cc, mtundu uja unatuluka mu 2016, ndinaigula yoti wina anayendapo kale kuchokera ku Joni, ndipo ndimaikonda zedi. Ndanena dala zimenezi kuti wina asati awa ndi mawu a nsanje a munthu yemwe sanakwerepo. Koma ambiri mwa amene akundifunsawa chimene akufuna kugula si njinga ayi, ndi chithunzi. Munthu ataima pamwamba pa Chiweta, nyanja ili kumbuyoko, mabokosi a aluminiyamu mbali zonse, chisoti m'manja, kenako pa Facebook anthu nkumati bwana mwatiposa. Matendawa anafala kwambiri chichokereni 2007 pamene akatswiri a mafilimu Ewan McGregor ndi Charley Boorman anayenda pa BMW R1200GS Adventure kuchoka ku Scotland mpaka Cape Town, kudutsanso kwathu konkuno, basi dziko lonse nkukhulupirira kuti mu Africa suyenda popanda chinjinga chachikulu chonchija. Chomwe anthu amaiwala nchakuti anyamata aja kumbuyo kwawo kunali magalimoto ndi gulu la anthu owathandiza. Iwe ukamakwera ku Nyika kumbuyo kwako kuli fumbi lokha.

Tiyambe ndi kulemera chifukwa mpamene pagona nkhani. R 1250 GS Adventure ikadzadza mafuta imalemera makilo 268, usanaikepo chilichonse. Amenewo ndi matumba asanu a chimanga a 50 kg nkutsalako zina. Nde onjezerapo mabokosi atatu, tenti, masipanala, madzi, zovala, mwinanso madamu kumbuyo. Mpando wake uli pa masentimita 89 kuchokera pansi, ambirife kutalika kwathu mukukudziwa, umangogunda pansi ndi zala za phazi. Yanga ili cha m'ma 230, siyopepukanso ayi. Pa tala ukuthamanga kulemerako sukumva olo pang'ono, njinga imakhala ngati ikudziyendetsa yokha, vuto limabwera ukamayenda pang'onopang'ono, pokhota pamalo opapatiza, poima pa rodibuloko pomwe mphepete mwa tala munadyeka nde phazi ukuliponda likupeza mphako, kapena pamchenga. Ikangopendekeka kupitirira pena pake palibe munthu angaigwire, umangoisiya igone bwinobwino nkuchotsa mwendo. Ndipo zonse zimagwa, asakunamizeni munthu. Amene akuti yake sinagwepo ndiye kuti imangoyenda pakati pa Area 47 ndi City Centre.

Kuidzutsa kuli ndi njira yake. Uzimitse injini, uonetsetse kuti ili mu giya kuti isakuthawe, uitembenukire msana, matako pampando, dzanja lina ligwire chiwongolero lina chitsulo cha kumbuyo, nde uzikankha ndi miyendo ukubwerera mmbuyo timasitepe ting'onoting'ono, osati kunyamula ndi msana ngati ukukweza thumba pangolo, msana uthyola. Kamodzi zimatheka. Kachiwiri zimathekabe. Kachitatu mu Okutobala ku Chikwawa uli mu jekete lokhuthala, thukuta likulowa mmaso, magalasi a chisoti achita nthunzi, manja akunjenjemera, ulendo sukomanso, umangofuna mthunzi. Ubwino wake kwathu kuno ukagwa pafupi ndi mudzi sipatha mphindi anthu afika, ana akuseka, azibambo akuti pepani bwana tiyeni tigwirizane, mpaka wina kukupukuta fumbi. Koma pakati pa geti ya Thazima ndi Chelinda ukhoza kukhala nthawi yaitali ndithu osaona munthu, nkhungu ikutsika, kukuzizira, netiweki kulibe. Nde amene mukufuna kugulanu, musanapereke ndalama mupemphe mwini wakeyo aigoneke pa kapinga thanki ili yodzadza, muidzutse nokha wina osagwirako. Akakana muziona nokha.

Chimandiseketsa ine ndi mchenga wa kunyanja uku, timisewu tolowera kumadoko cha ku Nkhotakota kapena Mangochi. Iwe watchena, nsapato za mamiliyoni, waphwetsako matayala pang'ono ngati mmene amaphunzitsira, wazimitsa ABS (ija imaletsa matayala kuloka ukagwira mabuleki), waimirira pa zopondera, maso patsogolo, mtima uli phaphapha chifukwa tayala lakutsogolo likungopita komwe lafuna. Kenako ukumva kahutala kumbuyo, pipiii. Mnyamata wa kabaza pa Lifo kapena Boxer, wavala patapata, wanyamula mayi ndi mwana kumbuyo ndi beseni la usipa pa thanki, akukudutsa dzanja limodzi lili pa foni, nkukuyang'ana mwachisoni. Sikuti iyeyo ndi dolo kuposa aliyense ayi, ngakhale msewuwo amaudziwa, nkhani ndiyakuti njinga yake siifika ndi theka lomwe la kulemera kwa yako, ikaterereka amangoponda phazi pansi nkupitirira. Alangizi a zaumoyo ndi a mabungwe akhala akufika midzi yonse ya dziko lino pa tinjinga topepuka ta DT 125 ndi AG 200 kwa zaka zambirimbiri, dzinja ndi chilimwe, palibe anawatchulapo kuti ndi ma adventure rider kkkk. Msewu wa Gorodi wochoka pa Chitimba kukwera ku Livingstonia, makona 20 aja okhota ngati ukubwerera komwe wachoka, miyala ili mbwee, phompho lili apo, ndi wokoma kwambiri pa njinga yopepuka. Pa chinjinga cholemedwa ndi katundu umakwera ukupemphera kuti pakona pasatulukire Land Cruiser, chifukwa ukaima pakati pa kona potsetsereka phazi lako limodzi silipeza pansi.

Tsono ndisakhale ngati ndikungonyoza, pali pomwe njinga yaikulu ilibe mnzake. Ulendo wautali wa pa tala. Kunyamuka Lilongwe mmamawa, Kasungu, Jenda, kudutsa m'Chikangawa kukuzizira fungo la paini lili guu, kukadya nkhomaliro ku Mzuzu thupi lisakuwawa paliponse, madzulo uli ku Karonga. Galasi lakutsogolo likukutchinga mphepo, mpando wotakasuka, mashoko aatali akumeza maenje omwe galimoto yaing'ono ikanasiyapo rimu, ndipo tayala lakutsogolo la mainchesi 21 ngati la yangayi maenje a pa M5 silimawaopa kwenikweni. Kupitirira thanka kapena thiraki pa M1 ndi nkhani ya masekondi, umangopotokola pang'ono basi wadutsa, pomwe pa ka 150 umakhala mbali ya thiraki nthawi yaitali ukuwerenga matayala ake. Makona a Khwekhwelere potsikira ku Golomoti mmawa kusanatenthe, aaa, zimene zija sindingathe kumufotokozera munthu amene amangodutsapo pa minibasi atatseka maso. Pamenepo ndalama yako umaimva kukoma.

Thanki nayonso. Chiyambireni mavuto a mafuta mu 2022 tonse tinaphunzira kuti funso si lakuti njinga imathamanga bwanji koma kuti ikafika kuti isanafune filing'i siteshoni. Apa a GS Adventure ndiwapatse ulemu wawo, malita 30 ukayenda mwaulemu umapitirira makilomita 500. Yanga ndi malita 18.8, Yamaha Ténéré 700 ndi 16, nde umayenda ukuwerengera, ukaona pampu ikuthira umaima olo thanki ili theka. Zikavuta umagula wa m'zigubu m'mbali mwa msewu, ndipo apa mpofunika kusamala, njinga za masiku anozi ndi za fuel injection, pampu yake ili mkati mwa thanki, sizigwirizana ndi zinyalala kapena petulo wosakaniza ndi zina. Ine ndimayenda ndi kansalu kosefera, mavenda amandiseka koma ndimasefa basi.

Koma chimene chimagwetsa anthu ambiri si mchenga ayi, ndi ma spare. Kugula njinga ndi tsiku limodzi, kuisunga ndi mwezi uliwonse. Tayala la 150/70-18 kapena 170/60-17 simukalipeza kwa Biwi kapena ku Ndirande, mashopu adzadza ndi za Lifo ndi King Lion chifukwa ndi komwe kuli msika. Pafupifupi chilichonse chimachokera ku Joni, matayala, tcheni ndi masiproketi, mabuleki padi, fyuluta ya oilo, nde uyambe kusaka ma rand, kusaka munthu wa basi kapena wa thiraki woti akunyamulire, msonkho pa boda, kudikira masabata. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya zonsezi inangodumpha usiku umodzi, ndipo ndikudziwa njinga zabwinobwino zomwe zinaimikidwa nthawi imeneyo mpaka lero zili pansi pa lona, batire linafa, matayala anaphwa, mwini wake akungoti ndikuyembekezera kapati kena. Tayala lakumbuyo pa njinga ya mphamvu chonchi silichedwa kutha makamaka lija la mabampu, ukamalithamangitsa pa tala yotentha limangosungunuka ukuliona. Munthu wanzeru amaitanitsa lina lakale lisanathe.

Amakanika athu ndi aluso, zimenezo sindikana, ka injini ka kabuleta amakamasula nkukamanga atatsinzina. Koma izi zili ndi kompyuta, masensa paliponse, zina mpaka mashoko ndi amagetsi, ikayatsa kanyali pa dashibodi pamafunika makina oti aiwerenge osati kungoimvetsera ndi khutu. Ndipo mmisiri wa kwathu kuno sanena kuti sindikudziwa, amati isiyeni bwana mubwere mawa, nde aphunzirire pa njinga yako, mawa ukupeza mawaya adulidwa alumikizidwa ndi tepi. Ngati simukonda kuda manja njinga iyi si yanu. Oilo, fyuluta ya mpweya yomwe fumbi la mu Seputembala limaitseka msangamsanga, kukoka ndi kudzoza tcheni, kumata tayala, izi uzidziwe wekha. Za matayala pali kusiyana, GS ndi tubeless, msomali ukalowa umangotsekapo ndi kachingwe kaja nkupopa, mphindi zochepa wanyamuka, komanso ilibe tcheni imayendera shafti. Africa Twin ya 2016 ndi Ténéré 700 zili ndi chubu mkati, nde ndi kuchotsa wilo lonse pambali pa msewu, kulimbana ndi tayala louma gwa ndi timatayaleva tiwiri. Ubwino wa chubu ngwakuti rimu olo ipindike pa dzenje umayendabe, ndiponso wokonza njinga zakapalasa aliyense pansi pa mtengo wa mango amadziwa kumata chigamba.

Zovala musazisiye kunja kwa bajeti. Zimandiwawa kuona munthu wagula njinga ya mtengo wa galimoto koma chisoti ndi chija cha pulasitiki cha pa kabaza, kuphazi masinika. Njinga yolemera chonchi ikagwa imagwera pa kakolo, nde jombo zenizeni zofika m'msongolo ndi zofunika kuposa mabokosi ndi magetsi owonjezera aja mumathamangira kugula. Laisensi ikhale ya code A, chifukwa A1 imathera pa 125cc. Ndipo usiku ine sindiyenda, olo njinga ikhale ndi magetsi owala bwanji. Mbuzi, agalu, ngolo, njinga zakapalasa zopanda ndi galasi lomwe, thiraki yofera pakona atangoika tinthambi pamsewu, oledzera pa ma trading centre, ndiye chipatala choti nkukulumikiza fupa bwinobwino chili kutali. Dzuwa likamapendeka ndimayamba kusaka pogona.

Kunyumba nako konzekani. Funso lakuti bwanji osangogula galimoto mudzalimva kwa mayi anu, kwa akazi anu, kwa apongozi, kwa abusa, ndipo kunena zoona ali ndi mfundo, njinga iyi sipulumutsa ndalama, sinyamula ana kupita kusukulu, dzinja umanyowa. Ukafika nayo pamaliro kumudzi anthu amasiya kulira kaye, ndipo chopepesa chako amayembekezera kuti chifanane ndi njingayo. Pa rodibuloko mafunso ndi omwewo, ndi ma cc angati, imafika sipidi yanji, munagula zingati, lachitatulo sindiyankha.

Nde amene mumandifunsanu yankho langa ndi ili. Ngati simunayendepo njinga yoposa 250cc, musayambire pa 1200cc, mudzaiopa, ndipo njinga yomwe ukuiopa suikwera, imangokhala yotsukidwa Loweruka. Pezani yapakatikati. Ténéré 700 ili cha m'ma 205 kg ndipo ilibe zamagetsi zambiri, Suzuki DR650 ndiyopepuka kuposa pamenepo komanso ndi ya kabuleta yoti makanika wa pa Jenda akhoza kuithandiza, Kawasaki KLR650 ku Joni ziliko zambiri zakale pamtengo womveka. Zimenezi zikufikitsani ku Nyika, ku Livingstonia, ku Misuku, pa Zomba Plateau, kuzungulira phiri la Mulanje, ndipo ndalama yotsalayo igule matayala awiri osungira, jombo ndi mafuta oyendera. Yaikuluyo ndi ya munthu amene miyendo imafika pansi, wayendapo kale zaka, amakonda kunyamula mnzake kumbuyo, ndipo maulendo ake ndi odumpha boda, Songwe kupita ku Mbeya, Mchinji mpaka Lusaka, kapena Mwanza, Tete, Nyamapanda, Beitbridge mpaka Joni, komanso ali ndi kena kake pambali koti pampu ya mafuta ikafa sagulitsa mbuzi za amayi ake.

A ma GS ndikudziwa mwayamba kale kulemba zakuti vuto si njinga koma woyendetsa, ndi zakuti mukaphunzira bwino kulemera sikumveka. Chabwino, mwina. Tipangane Febuluwale mvula ili pakati, tikakumane pa Rumphi boma, aliyense ndi mabokosi ake odzadza, ndipo wa kabaza mmodzi timulipire atiperekeze kuti akhale mboni.