Ku Zambia phungu akasintha chipani amasiya mpando, kwathu kuno amamuveka nsalu

Phungu wa dera lathu walowa chipani cholamula. Uyu ndi munthu amene tinamuvotera ngati woima payekha, atalira m'misonkhano kuti chipani chake chinamubera pa zisankho zachipulula. Anamulandirira pa bwalo la mpira, amayi akuvina, akuluakulu a chipani akumukoleka nsalu m'khosi, iye n'kulandira chimkuzamawu n'kunena mawu omwe aja tinawaloweza tonse, akuti anthu akwawo ndi amene amutuma kuti akagwire ntchito ndi boma. Anthu ake ati? Msonkhano womutumawo unachitikira pansi pa mtengo uti? Ine ndinaima pamzere dzuwa likuswa mtengo kuti ndisankhe munthu wopanda chipani, lero voti yanga yavala makaka a chipani chomwe ndinachikana.

Nditawadandaulira asuweni anga a ku Chipata pa WhatsApp, anangoti, "Asuweni, kuno ameneyo bwenzi atalongedza kale." Ndipo sakunama. Malamulo oyendetsera dziko la Zambia, monga anawasinthira mu 2016, amanena mosapsatira kuti phungu akatuluka chipani chomwe chinamuimika, mpando watha. Woima payekha akalowa chipani, mpando watha. Chowawa kwambiri kwa iye n'chakuti saloledwa kuimanso pa chisankho chapaderacho, amadikira mpaka nthawi ya Nyumba ya Malamulo imeneyo itatha. Anzathuwa sanabadwe oyera, ayi. Nthawi ya Michael Sata aphungu a chipani chotsutsa cha MMD ankathamangira ku chipani cholamula cha PF, ena n'kupatsidwa uchiwiri kwa nduna, zisankho zapadera n'kumangochitika ngati dziko lilibe ntchito ina. Anatopa nazo, n'kutseka mpatawo. Ife tinatopa nazo kalekale, koma mpata wathu tikuukulitsabe.

Tisanamizane kuti lamulo tilibe. Gawo 65 la malamulo oyendetsera dziko la Malawi lilipo, mwana aliyense wa sekondale amalidziwa. Limati Sipikala alengeze kuti mpando ulibe munthu ngati phungu wasiya chipani chomwe anapambanira kapena walowa china cha m'Nyumbamo. Koma onani momwe takhala tikulisewetsera. Bingu wa Mutharika atachoka mu UDF mu 2005 n'kuyambitsa DPP, chipanicho chinali chisanaimepo pa chisankho chachikulu, koma posakhalitsa mabenchi a boma anadzaza. Mu June 2007 khoti lalikulu la Supreme linagamula kuti gawo 65 ndi lovomerezeka. Chinatsatira n'chiyani? Ziletso za khoti zinamumanga manja Sipikala Louis Chimango, otsutsa n'kumati gawo 65 poyamba, boma n'kumati bajeti poyamba, ndondomeko ya chuma n'kuchedwa miyezi, ndipo aphungu aja anakhala phee mpaka chisankho cha 2009. Bingu atamwalira mu April 2012, ambiri omwe ankalumbira kuti adzafera DPP anadzuka ali a PP maliro asanaiwalike. Ndiye pali oima paokha, amene gawoli siliwakhudza n'komwe. Mu 2014 analipo 52, mu 2019 analipo 55 pa mipando 193. Amenewa ndi msika woyenda, ndipo aliyense amene wapambana upulezidenti amadziwa kokagula.

Chomwe chimandipsetsa mtima kwambiri ndi gawo 64. Malamulo athu a 1994 ankapatsa ovota mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi yake isanathe. Aphungu oyambirira a ulamuliro wa zipani zambiri, anthu omwe tinawasankha chaka chimodzi chokha titavota pa riferendamu ya 14 June 1993, analifafaniza gawoli mu 1995. Lisanagwire ntchito ndi kamodzi komwe. Ganizirani wantchito amene tsiku loyamba kulowa m'nyumba mwanu akung'amba tsamba la mgwirizano lomwe likunena za kumuchotsa ntchito, kenako n'kukuuzani kuti tidzakambirana pakatha zaka zisanu.

Funso lake ndi lakale ngati demokalase yomwe: mpando wa ku Nyumba ya Malamulo ndi wa ndani? Ena amati phungu ndi nthumwi chabe, azinena zomwe omutuma amuuza. Ena amati tinasankha munthu wanzeru zake, aziganiza yekha zomwe zili zabwino ku dziko, ngakhale ife tisakondwe. Mbali yachiwiriyi ili ndi mfundo, sindikana. Mu July 2002 bilo yochotsa malire a nthawi yolamulira pulezidenti inagwa chifukwa mavoti sanakwane, ndipo pa nkhani ngati zimenezo timafuna phungu wotha kukana zomwe akuluakulu akumukankhira. Koma kuvota motsatira chikumbumtima ndi kusamutsa mpando wonse n'kupita nawo kwina ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ku Zambia anasiyanitsa: ukafuna kuoloka, oloka wekha, mpando ubwerere kwa eni ake asankhenso. Kwathu kuno tinasakaniza dala, kuti dyera lizitchedwa chikumbumtima.

Ndiye muwamve chifukwa chomwe amapereka. Akuti chitukuko sichibwera uli kotsutsa. Mawu amenewa timawaombera m'manja, koma tikanawamvetsa bwenzi tikuchita nawo mantha. Akutanthauza kuti mjigo, mlatho ndi mankhwala pa chipatala chaching'ono ndi mphoto ya ovota bwino, ndipo dera lomwe lavota molakwika lilangidwe. Msonkho umadulidwa kwa aliyense, pa sopo ndi pa mayunitsi a foni safunsa khadi la chipani. Kuponderezana sikuti nthawi zonse kumabwera ndi utsi wokhetsa misozi. Kwina ndi msewu womwe phula lake limathera pamalire a dera lotsutsa. Phungu amene akuvomereza zimenezi n'kuthamangira mbali yodyera wasiya ntchito yomwe tinamulembera, yoyang'anitsitsa boma, ndipo Nyumba ya Malamulo yopanda otsutsa amphamvu imangodinda chilichonse chomwe nduna zabweretsa.

Apa a Zambia musayambe kunyada kwambiri. Ndinu nomwe mu 1996 munasintha malamulo kuti Kenneth Kaunda asaime, ati chifukwa makolo ake anachokera kuno, munthu woti anakulamulirani zaka 27. Ndinu nomwe munatsekera Hakainde Hichilema miyezi inayi mu 2017 pa mlandu woukira boma chifukwa cha mdipiti wa galimoto pa msewu wa ku Mongu. Makada a PF ankatolera ndalama m'misika ndi m'madepoti a basi ngati boma lachiwiri, makadeti athu ankaoneka ana. Ndipo andale anu anapeza njira yozembera lamulo lija: phungu satuluka chipani, amangokhala momwemo n'kumavota ndi boma, kapena chipani chonse n'kugawidwa pakati monga zinachitikira PF mu 2023 pomwe Miles Sampa anachititsa msonkhano wake n'kudzitcha mtsogoleri. Komabe kuzemba lamulo kumafuna thukuta. Athu sazemba kanthu, amadutsa pakhomo masana ng'oma zikulira.

Wina anena kuti bola tingopereka mphamvu zonse ku zipani. Pitani ku Harare mukaone. Mu October 2023 Sengezo Tshabangu, atadzitcha mlembi wamkulu wogwirizira wa chipani chotsutsa cha CCC, analembera Sipikala kalata n'kuchotsa aphungu omwe anthu anali atangowasankha mu August. Zisankho zapadera zinatsatira, ZANU-PF n'kufika pa magawo awiri mwa atatu a Nyumbayo, mtsogoleri wa CCC Nelson Chamisa atachisiya kale chipani chake chomwe. Kumeneko mpando ndi wa munthu amene wagwira chidindo cha chipani. Zimenezo ayi. Ku Mozambique nako umavotera mndandanda wa chipani m'chigawo chonse, aphungu 250 aja mwini wawo ndi likulu la chipani, ndipo tonse tinaona abale athu akuthawira ku Nsanje chisankho cha October 2024 chitavuta. Ku Tanzania malamulo salola n'komwe kukatsutsa ku khoti zotsatira za chisankho cha pulezidenti zikalengezedwa.

N'chifukwa chake zimandipweteka. Pa zinthu zikuluzikulu timawaposa ambiri mwa anzathuwa. Pa 3 February 2020 oweruza asanu anakhala tsiku lonse akuwerenga chigamulo chothetsa chisankho cha tipeksi, dziko lonse lili pa wailesi, minibasi zitaima. Mu June chaka chomwecho tinavotanso n'kusintha boma. Mu September 2025 tinasinthanso, Lazarus Chakwera n'kuvomereza kugonja zotsatira zisanalengezedwe. Pulezidenti timatha kumuchotsa. Koma phungu, munthu woyandikana nafe kwambiri, yemwe timadziwa kwawo ndi amalume ake, sitingamukhudze kwa zaka zisanu ngakhale atagulitsa voti yathu sabata yoyamba.

Inde, pa chisankho timawagwetsa ambiri, oposa theka sabwerera. Koma zimenezi ndi zomwe zimawachititsa changu. Munthu wodziwa kuti mwina sadzabweranso amadya mothamanga, ndipo kodyera n'kumbali ya boma. Kuti gawo 64 libwerere, kapena kuti gawo 65 liyambe kugwira oima paokha monga zilili ku Lusaka, pakufunika aphungu awiri mwa atatu aliwonse avomereze kusintha malamulo oyendetsera dziko. Aphungu ake ndi omwewa, kuphatikizapo wathu uja, ndipo pa misonkhano yonse ya kampeni yomwe ndinapitako sindinamve woimira aliyense, wa chipani kapena woima payekha, akulonjeza kuti akafika kumeneko adzaitulutsa biloyo.