Makatuni a chikondi ndi banja lopanda mwana

Abale anga a ku Angónia ndi ku Tsangano, ine sindili m'gulu la anthu amene amati makatuni ndi zachibwana. Ana athu akuwaonera tsiku ndi tsiku, pa foni ya amayi awo kapena pa TV ya aneba, ndipo akumva za chikondi m'menemo ife makolo tisanatsegule n'komwe pakamwa.

Wotchuka uja wa Disney wa mu 1989, The Little Mermaid, amandidetsa nkhawa. Ariel ndi mtsikana wa m'nyanja wa zaka 16. Kungomuona mnyamata, mtima dyokodyoko. Akupita kwa mfiti, akupereka mawu ake kuti apatsidwe miyendo, akusiya atate ake ndi abale ake onse, ndipo ali ndi masiku atatu okha oti mnyamatayo amukonde. Nyimbo zake n'zokoma, sindikana. Koma mtsikana wa msinkhu umenewu timamudziwa kuno. Ndi uja anasiya sukulu chifukwa cha mnyamata wa njinga yamoto wobwera ndi ndalama za ku Moatize kapena ku Joni, patapita chaka n'kubwerera kwa amake ndi khanda kumbuyo. Boma linachita kukhazikitsa lamulo mu 2019 loletsa kukwatitsa mwana wosakwana zaka 18 chifukwa vutoli ndi lalikulu.

Katuni amene ndimamuikira kumbuyo ndi Up, wa Pixar, wa mu 2009. Chakumayambiriro kwake muli mphindi zochepa zopanda mawu ndi amodzi omwe. Carl ndi Ellie akwatirana, akonza nyumba yakale ndi manja awo, akongoletsa chipinda cha mwana. Kenako tikuwaona kwa dokotala, Ellie akulira, nkhope ili m'manja. Mwana sadzabwera. Carl sakupita kulikonse. Akuyamba kuponya timakobidi m'botolo kuti adzapite ulendo umene Ellie ankaulota ali mwana, koma botololo likuswedwa kangapo: tayala laphulika, Carl wathyoka mwendo, mtengo wagwera denga. Akalamba limodzi mpaka Ellie amwalira, ulendo wosayendedwa.

Tinene zoona, kwathu kuno banja lotere likadapirira? Pakangodutsa zaka ziwiri popanda mwana, alamu amayamba manong'onong'o. Ankhoswe aitanidwa, mkazi atumizidwa kwa asing'anga kukamwa mizu, pamene mwamuna sanapondeko n'komwe kuchipatala kukayezetsa, chonsecho vuto likhoza kukhala lake. Mapeto ake abale omwewo amamupezera mkazi wina. Zimandipweteka kuti ambiri a ife timaona ngati palibe cholakwika pamenepa.

Kumudzi kwathu, chakufupi ndi Dómuè, kuli agogo awiri amene sanaberekepo. Analera ana a malemu mchemwali wa agogo aakaziwo. Amakumba kachewere limodzi, ndipo thumba amasenza ndi aamuna chifukwa aakaziwo msana unawavuta kalekale. Atagona kuchipatala ku Ulongwe, agogo aamuna ndi amene ankawaphikira phala, n'kumachapa kapulana zawo pa mjigo amayi onse akuona. Anthu ankati anadyetsedwa khuzumule. Mwamuna wosamalira mkazi wake poyera timamuti wapusitsidwa ndi mankhwala, ndiye ana athu aamuna atengera chiyani?

Sindikuti tiwalande ana mafoni. Mwana wanga wamkazi akamaonera Ariel ndimakhala naye pamphasa, n'kumufunsa kuti mnyamatayo akumudziwa bwanji, ndipo iye wataya chiyani pamene mtsikanayo wataya mawu ndi kwawo komwe.

Inu anyamata amene mumamasulira mafilimu a karate m'Chichewa n'kumawathira m'mamemore pa msika wa Ulongwe ndi ku Calómuè, tamasuliraninso Up. Ndikufuna amuna anzanga amuonere, osati ana okha ayi.