Kubweza mpira si mantha

Ndakwiya, ndipo sindibisa. Loweruka lapitali pa bwalo lina la tenisi mumzinda wa Tete, mnyamata wa kwathu ku Angónia anagonjetsa bambo wina maseti (zigawo za masewero) awiri onse. Bambowo m'malo mopereka dzanja pa neti, anaponya raketi m'chikwama n'kukuwa kuti, "Iwe si tenisi imeneyo, ukungobweza mpira ngati khoma. Mantha basi!" Anzawo n'kumaseka. Mwana uja anangozyolika.

Walakwanji mwanayo? Wabweza mpira. Lamulo la masewerowa ndi lomveka: mpira udutse neti, ugwe mkati mwa mizere, wolephera kuubweza wataya pointi. Ndi pati pamene analemba kuti womenya mwamphamvu azimuwerengera kawiri? Kubweza mpira ndiye tenisiyo, abale anga.

Ine ndinamuyang'anitsitsa. Amaima kutali kumbuyo kwa mzere, nsapato zitang'ambika kuzala chifukwa chokhwekhwereza phazi pa simenti. Mpira ukabwera wamoto, iye amaukweza m'mwamba kuti ukagwe kutali, kumbali imene bambowo sadzidalira, kenako liwiro kubwerera pakati. Ubwerenso, aubwezanso. Ubwerenso, aubwezanso. Mpaka bambowo mtima uwawe, amenye ndi ukali wonse, mpira uwo kumpanda! Ndiye dzuwa la Tete mukulidziwa, mu Okutobala limapitirira madigiri 40. Munthu wothamanga ngodya ndi ngodya pa dzuwa limenelo, malaya ali chonyowa, osasiya mpira ngakhale umodzi, mukumutcha wamantha? Wamantha ndi amene akufuna pointi ithe msanga chifukwa mapapo amukana.

Kuthamanga si kufika.

Mu 2019 Simona Halep anagonjetsa Serena Williams pa fainolo ya Wimbledon 6-2, 6-2, pasanathe ola limodzi. Serena amene dziko lonse limadziwa mphamvu za dzanja lake! Halep anataya yekha mipira 3 yokha masewero onsewo, ina yambiri amaithamangira n'kuibweza. Pitani mukamuuze kuti sanasewere tenisi. Rafael Nadal anatenga French Open ka 14, ndipo polandira sevisi (mpira woyambira pointi) ankaima kutali kumbuyo, pafupi ndi mpanda. Mu 2012 iye ndi Novak Djokovic anabwezerana mpira maola 5 ndi mphindi 53 pa fainolo ya Australian Open, moti pomaliza anachita kuwabweretsera mipando chifukwa miyendo inali itakana. Mantha amenewo? Nanga Michael Chang, mu 1989 ali ndi zaka 17, miyendo itamugwira, anayamba kuponya mipira yam'mwamba mpaka Ivan Lendl, amene anali nambala wani padziko, anasokonezeka n'kugonja pa French Open ku Paris. Chang anapitirira mpaka kutenga chikhocho.

Mwina chimene chikusokoneza anthu onyozawa ndi timavidiyo ta pafoniti, tongoonetsa mipira yamoto yokhayokha. Kaya. Chimene chikundiwawa n'chakuti mwana akamva mawu otere kuchokera kwa munthu wamkulu, mawa asiya chimene amachidziwa. Ayamba kumenya mwachisawawa kuti asangalatse anthu, n'kumagonja. Mwamuphera luso lake chifukwa cha manyazi anu. Ngati mnzanu akubweza zonse, yankho lilipo: bwerani pa neti, mugwetsereni kampira kafupi, mutulutseni kumbuyoko. Zakukanikani, perekani dzanja, munene kuti mwagonja. Musanyoze mwana chifukwa choti sanakupatseni mapointi aulere.

Ndipo poti ndayamba, inu akuluakulu omwewo ndi amene mumatenga bwalo m'mawa ndi madzulo kukazizira, ana n'kuwasiyira masana simenti ikuotcha mapazi. Mipira imene mumawapatsa ndi yotha ubweya, yosadumpha n'komwe, yatsopano mumatsekera m'galimoto. Mwana wachoka ku Ulónguè, ku Angónia, pa chapa (minibasi) ndi ndalama yake, raketi yobwereka, ndipo ngakhale madzi akumwa palibe anamufunsa.